Anaidula Mapiko Lachiwiri

Magetsi kuno ku Mabvuku amabwera pakati pa usiku
ngati mwamuna wa mitala, osapepesa.
Firiji ikangotsokomola, ine dzambatu,
kompyuta yayaka, ndodo ili m'manja,
ndili kale m'chaka cha 1944.

Miyezi inayi ndinaigwirira ganyu ndege imeneyi.
Ndinayamba ndi kandege ka nsalu ndi matabwa,
kugwetsedwa, kudzuka, kugwetsedwanso,
mabando a intaneti akupsa ngati udzu wa mu Okutobala,
mpaka anandipatsa iyo, ya mphuno yaitali,
yokwera m'mwamba kuposa mtengo wa mafuta ophikira.

Masabata atatu ndinali mphamba pakati pa anapiye.
Sindibisa, zinkandikomera.

Anapiye analira.
Ati ndege iyi ndi yaufiti, ati tikusiya kusewera.
Eni masewera anamva, poti wolira ndi yemwenso amalipira.
Lachiwiri ndinaipeza italemera,
ikukhota ngati basi ya ku Mbare yosenza matumba padenga.

M'kombi ndinamuonetsa Malizani pepala pa foni,
muyeso wa nthawi ya nkhondoyo, chidindo chikuoneka:
liwiro ili, kukwera uku, manambala sanama.
Andibera, ndinatero. Ainamizira mbiri.

Iye, wokonza mafoni, wozolowera anthu odandaula,
sanayang'ane n'komwe.
Tebulo la puulu likapendekeka, akuti,
timapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo.
Sitifunsa kuti kalipentala anali ndani.
Papepala lakolo injini inali yatsopano,
mafuta oyera, woyendetsa atagona tulo tokwanira.
Ukufuna zenizeni?
Zenizeni n'zoti ukagwa kamodzi uzimitse kompyuta,
usadzayatsenso.
Wina akauze amayi ako pa geti.

Ndinatsika pa Fourth osamutsanzika.

Koma usiku uja, ndege ili pa msewu wake, injini ikutentha,
ndinaona chomwe ndakhala ndikuchiona osachiona:
timatabwa totchinga matayala timachoka tokha.
Palibe dzanja.
Galasi limawala lokha, mafuta amadzithira.

A Sandifolo, bambo wa amayi anga,
anachoka ku Ntcheu wapansi, nsapato zili pakhosi.
Zaka zinayi ku Cranborne ankapukuta oilo pa mapiko,
kukoka timatabwa timeneti ndi chingwe,
anyamata oyera akuphunzira kuuluka pamutu pawo.
Sanakwerepo ngakhale kamodzi.
Khutu lakumanzere linatsala komweko.
Chitupa chawo chili m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi mabatani ndi risiti za lendi.

Ife timakanganirana makilomita khumi pa ola,
kukhuthala kwa chitsulo kumbuyo kwa mpando,
mtundu wa penti pansi pa phiko.
Sindinaonepo wolemba dandaulo
loti bwalo la ndege mulibe munthu wogwira tsache.
Inenso sindinalembe. Ndinalemba za liwiro.

Ndiye pali ichi:
chipolopolo changa chimanyamuka ku Harare,
n'kudutsa pansi pa nyanja, n'kukagogoda ku Ulaya,
pofika mdani anakhota kale.
Iye akawombera, ndimafa ndisanamve kulira kwa mfuti.
Katoni ya mwendo umenewu aipinda ndani?

Komabe ndinanyamuka.
Yolemera choncho, ndinaiphunzira mwatsopano:
kudikira, kubisala m'dzuwa, kusunga mpweya,
kusathamangira aliyense wodutsa.
Ndinagwetsa mmodzi yekha, thukuta lili kamukamu,
ndipo mmodzi ameneyo anandikoma
kuposa makumi a masabata atatu aja.
Malizani sindimuuza.

Itatsala pang'ono faifi, firiji inangoti zii.
Mdima. Tambala wa kwa a neba. Kombi yoyamba ikuitana.
Kwinakwake ndege yanga ikuulukabe molunjika
yopanda munthu mkati,
ndipo mnyamata wina, kaya wa dziko liti,
waipeza, waikhala kumbuyo, waiyatsa moto,
akuuza anzake kuti tsopano zinthu zalungama.